Dzina la a Mesitiri Pakhoma la Sukulu

Lero patha chaka chiwaikire m'manda a Mesitiri Fausitino. Kutchalitchi m'mawa uno katekisiti anatchula dzina lawo pakati pa mayina ena ambiri, mothamanga, ngati munthu woopa kuti mvula impeza panjira. Sindikumuimba mlandu. Masiku ano akufa achuluka, ndipo otsalafe tatopa. Akazi awo, a Nambewe, anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Potuluka anandigwira mkono n'kunena kuti, "Iwe umalembalemba. Uwalembe agogo ako, ine mawu awo ayamba kundithawa." Sindinayankhe, chifukwa ine kuyankha kumandivuta. Koma ndafika pakhomo, ndatsuka mbale, ndipo ndakhala pansi pa mpapaya ndi kope langa.

Sanali agogo anga enieni. Nyumba yawo ndi yathu zinalekana ndi mizere iwiri ya chinangwa basi. Ntchito yawo inali yolemba ndi kujambula pamakoma: mayina a masitolo, zikwangwani za kumsika, ndi zilembo za pamabokosi kale minda ya tiyi isanasanduke tchire. Anthu onse m'tauni yathu ya Milanje ankangoti a Mesitiri, ndiko kuti mmisiri. Ndinene pachiyambi pomwe chimene chinawasowetsa mtendere, kuti ndisazungulire. Linali dzina lawo lomwe. Analilemba ndi dzanja lawo pakhoma la sukulu yathu, pansi pa chizindikiro cha dziko chimene anajambula. M'nkhondo ino dzina likakhala poyera chotero, aliyense wobwera ndi mfuti amaliwerenga n'kufunsa mwini wake.

Anali munthu wamfupi, phewa lakumanja lotsika chifukwa chosenza makwerero zaka zambiri. M'zikhadabo mwawo simunkatha penti, ngakhale pa Khirisimasi. Poyenda sankayang'ana anthu koma makoma, ndipo akaona chilembo chopendekeka ankaima n'kupukusa mutu ngati amva za maliro. Anthu ena ankati ndi onyada. Ine ndikuganiza kuti ankangoiwala kupereka moni. Ine anandipatsa dzina loti a Chete, ndipo ankalitchula mwaulemu wonse, ngati akuitana munthu wamkulu. "A Chete, mwadzuka bwanji? Musayankhe, ndamva kale."

Chuma chawo chinali kathumba ka khaki kodzaza makobidi a mayiko ena. Ali mnyamata anagwirapo ntchito padoko ku Beira, yolemba mayina pa sitima zapamadzi, ndipo amalinyero ankawapatsa tindalama totsala m'matumba. Ena anawapeza kwa anthu obwerera kumigodi ya ku Joni, ena kwa Amwenye a masitolo. Lamlungu lililonse pochokera ku Misa ankawatsuka ndi ndimu ndi phulusa, n'kuwayala palichero padzuwa. Lichero linali la a Nambewe, ndipo mkangano wake sunkasintha.

"Bambo, lichero langa. Mpungawu ndipetere m'manja?"

"Dikirani pang'ono, Nambewe, mayiko akuwothera dzuwa."

"Mayiko anuwo anagulapo mchere m'nyumba muno?"

"Inu mumagula mchere ndi chithunzi cha ukwati wathu?"

Zoti khobidi lingagule chiyani sankafuna kuzimva. Mwana akafunsa zimenezo ankamuuza kuti apite kumsika akafunse ogulitsa tomato. Iwo ankaona zojambulazo. Poyala, mbali yokhala ndi nkhope ya mfumu kapena ya mtsogoleri ankaiyang'anitsa pansi nthawi zonse. Ankati mitu imasinthana ngati alendo a pamaliro, koma chimene dziko lajambula kuseri ndicho chimatsala. Ankatinso dziko lili ngati mayi amene akuyembekeza alendo: pakhobidi limaika chimene likufuna kuti mlendo aone akangolowa pakhomo, zonyansa limakankhira kuseri kwa nkhokwe.

Ndimawakumbukira makobidi amenewo kuposa nkhope za anzanga ena amene anabalalika. Panali la ku Jeremani, la mayi wogwada akudzala kamtengo. Panali la ku Japani, laboo pakati, lokhala ndi ngala ya mpunga yowerama. La ku India linali ndi mikango itatu yoyang'ana kosiyana, ndipo a Mesitiri ankati ndi apongozi atatu amene akangana. La ku Joni linali ndi timpheta tiwiri pakanthambi. A kutsidya ku Malawi tinkawadziwa tonse, tambala uja, chimanga, njovu ndi mwana wake, koma iwo ankatiuza kuti tiwayang'anenso bwino, chifukwa chinthu chimene umachigwira tsiku lililonse suchiona. Limene ankalikonda kwambiri linali lalikulu, lofiirira, la kuchilumba china kutali chotchedwa Ayalandi. Linali ndi thadzi la nkhuku ndi anapiye ake.

"Taganizani, a Chete," ankatero. "Akuluakulu a dziko anakhala pamsonkhano, atavala majekete, n'kugwirizana kuti tiike nkhuku. Anthu amenewa ndikadakonda kumwa nawo tiyi."

Ndi iwo anandiphunzitsa kuika pepala pamwamba pa khobidi n'kukhecha ndi lapisi, ndiye kuti pensulo, mopepuka mpaka chithunzi chitatuluka chokha. Ana ena ankatopa nazo msanga n'kuthamangira mpira. Ine ndinkazikonda chifukwa sizinkafuna kulankhula. Masamba akumbuyo a kope langa lakale anadzaza ndi timabwalo totuwa, ndipo pansi pa kalikonse ndinkalemba dzina la dziko mmene iwo ankalitchulira.

Za kujambula kwa khoma la sukulu sindinazione, ndinali wamng'ono. Ndinamva kwa a Nambewe. Boma litatulutsa ndalama yatsopano ya metikali, a Mesitiri anakhala ndi khobidi limodzi sabata yathunthu, akuliyang'ana m'mawa ndi masana. Ankati osula ake anaikapo katundu wambiri: buku, khasu, mfuti, dzuwa, nyenyezi, chimanga, nzimbe, gudumu la mano, zonse pakamalo kochepa ngati mutu wa mayi amene akusamuka. Koma ankati ndi lokongola ndithu, ndi lathu. Chinkangowadabwitsa n'chakuti m'kathumba konse munalibe lina lokhala ndi mfuti.

Ndiye a Domingo, sekeletaliyo, mlembi wa chipani cholamula m'dera lathu, anabwera kudzawapempha kuti ajambule chizindikirocho pakhoma la sukulu loyang'ana kumsewu. Pakhoma lomwelo a Mesitiri anali atajambulapo kale chishango cha Apwitikizi, nthawi ya atsamunda, ndipo ufulu utabwera anachikwirira okha ndi njereza. Ntchito yatsopanoyo itatha, a Domingo anatola ndodo n'kuyamba kuyeza. Iwo ankaitana aliyense kuti kamalada, ndiko kuti mnzathu wa m'chipani.

"Kamalada Mesitiri, khasu lanenepa, mfuti yawonda. Bwanji?"

"Khasu ndimalidziwa, kamalada, ndaligwira chibadwire. Mfuti ndimangoionera patali."

Anakangana mpaka a Mesitiri anawonjezera mfutiyo pang'ono, kutalika kwa chala. Kenako anagwada n'kulemba pansi pakona, ndi penti wakuda, FAUSITINO. Ankatero pantchito yawo iliyonse, ngakhale pachikwangwani cha malo ometera. Ankati ntchito yopanda dzina ili ngati mwana wosiyidwa pamsika. Nthawi imeneyo palibe anaona choipa. A Nambewe akuti anayenda nawo dala madzulo ake kukaliona, atavala chitenje chatsopano.

Ndikafuna kuwakumbukira ali choncho, palichero, nthawi zambiri amene amabwera m'maso mwanga ndi ena, a Mesitiri amene anabwerako kutchire. Anafika masana, akuyenda pafupi ndi mpanda ngati mlendo. Malaya anali a munthu wina. Dzanja lakumanja linkanjenjemera lokha, ndipo ankalibisa m'khwapa ngati lawachititsa manyazi. Atandiona anaima n'kutsegula pakamwa, koma dzina langa lija silinabwere. Ndinathawira kuseri kwa nyumba. Mpaka lero zimandipweteka kuti sindinawalandire ngakhale ndodo. Koma ndadumpha. Ndibwerere m'mbuyo.

Nkhondo inayamba kutiyandikira pang'onopang'ono. Anthu ankafika kuchokera ku Molumbo ndi ku Majawa atasenza mphasa ndi miphika, ndipo onse ankanena zofanana: a m'tchire, aja olimbana ndi boma, akalowa pamalo amayamba ndi aphunzitsi, masekeletaliyo, anamwino, ndi aliyense amene dzina lake lili pa chinthu cha boma. A Nambewe anasiya kukangana za lichero. Mkangano unatsala umodzi, ndipo tinkaumva kudutsa chinangwa chija.

"Kafufuteni dzina lokhalo, bambo. Chithunzicho chisiyeni, dzina lokha."

"Ndifufute dzina langa ngati ndaba?"

"Mukufuna ndidzalione pakhoma kapena pamtanda?"

Anakana miyezi ingapo. Tsiku lina m'mawa ndinawaona akutuluka ndi chitini cha njereza ndi burashi, osayang'ana kumbali. Sipanapite nthawi anabwerera, chitini chili chodzaza. Pachipata cha sukulu anakumana ndi a Domingo, amene anawafunsa funso limodzi lokha: ngati mukufufuta dzina lero, ndiye kuti mwamva kuti akubwera, wakuuzani ndani? A Mesitiri anakhala pakhonde nthawi yaitali. Kenako anadzuka n'kupaka njereza ija pakhitchini ya a Nambewe, mkati ndi kunja.

"Ndikafufuta, awa andimanga. Ndikasiya, awo andipha," anatero kwa amayi anga, amene ankawaonerera pampanda. "Bola khitchini iwale."

A m'tchire analowa m'tauni kukucha. Amene anali ndi miyendo yopepuka anawolokera ku Muloza, ndipo a Domingo anali m'gulu loyamba, panjinga. Ife tinachedwa chifukwa mng'ono wanga anali ndi malungo. Anatigwira panjira n'kutikusira pabwalo la sukulu pamodzi ndi ena ambiri, a Mesitiri ndi a Nambewe ali pomwepo. Anatikhazika pansi padzuwa, moyang'ana khoma lija. Ndinali pafupi moti zonse ndinaziona, ngakhale nthawi zambiri ndinkayang'ana mapazi anga.

Mkulu wawo sanali munthu wamkulu. Anali wowonda, maso ofiira ndi tulo, atavala juzi ya azimayi ndi nsapato zosiyana. Anayang'ana chizindikirocho, n'kutsitsa maso mpaka pakona. Anawerenga pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

"Fausitino ndani?"

Tonse tinkawadziwa, ndipo tonse tinayang'ana pansi. Ndinaona dzanja la a Nambewe litagwira buluku la amuna awo zolimba. Iwo anachotsa zala zija chimodzichimodzi, mofatsa, n'kuimirira.

"Ndine, bwana."

"Ndiwe wa boma."

"Ndine wa penti."

"Ichi unajambula ndiwe?"

"Ndine. Ndi chapansi pakecho ndinenso."

Mkulu uja sanamvetse. A Mesitiri anapisa m'chiuno n'kutulutsa kathumba ka khaki. Pothawa m'mawa uja sanatenge bulangeti kapena ufa, anatenga kameneko. Anasankha khobidi limodzi, anapita pakhoma, n'kuyamba kupala m'mbali mwa chizindikiro. Njereza inagwa ngati ufa. Pansi pake panaoneka zofiira ndi zobiriwira zakale, ngodya ya chishango cha Apwitikizi.

"Atsamunda anandipatsa khobidi lawo, ndinajambula. Awa anandipatsa lawo, ndinajambula. Inunso mukadzasula lanu mudzabwere nalo, ndidzajambula. Koma ndifunse nawo, bwana: mudzaikapo chiyani?"

Sanafunse mwachipongwe. Ine ndimawadziwa, ankafunadi kudziwa. Mnyamata wina wamfuti anayamba kuseka n'kudukiza pakati. Mkulu uja anayang'ana a Mesitiri, anayang'ana anyamata ake. Ndinatseka maso. Amayi anakanikiza mutu wanga pachifuwa pawo.

Mfuti sinalire. Ndinamva makobidi akukhuthukira pansi. Nditatsegula maso, mkulu uja ankawatembenuza m'fumbi ndi nsonga ya nsapato. Anawerama n'kutola limodzi.

"Nkhuku? Ndalama ya kuti iyi?"

Apa ndi pamene a Mesitiri anaiwala kuti ali kuti. Anayandikira, anagwira dzanja la munthu uja n'kulitembenuzira kudzuwa kuti aone bwino, ndipo anayamba kufotokoza za chilumba chija, za anapiye, kuti muwaone mmene akubisalira kumiyendo ya mayi wawo. Anatola la ku Jeremani n'kumuonetsa mayi wodzala mtengo. Anatola la mikango itatu n'kunena za apongozi okangana. Anyamata awiri anasendera pafupi kudzasuzumira. Kwa kanthawi kochepa pabwalo pathu panali ngati Lamlungu. A Nambewe ankalira chamumtima, milomo ikuyenda.

Kenako mkulu uja anachotsa dzanja lake ngati wapsa. Anaika nkhuku ija m'thumba la malaya. Analamula kuti mdalayu apatsidwe khasu, apale khoma lonse dzuwa lisanalowe, zakale ndi zatsopano zomwe, mpaka njerwa zioneke. Makobidi otsala anyamata anatolerana. Obooka pakati ena anawamanga m'khosi ndi ulusi.

Anapala tsiku lonse ife tikuona. Anayamba kumwamba, ndi nyenyezi. Sanapume, sanapemphe madzi. Dzina analisiyira kumapeto, ndipo atafika pamenepo anaika khasu pansi n'kulipala ndi kamwala, pang'onopang'ono, mpaka wamfuti wina anawakalipira kuti afulumire. Dzuwa likupendeka anawasenzetsa thumba la chimanga cholanda, pamodzi ndi amuna ndi akazi ena, n'kuwalowetsa njira ya kuseri kwa phiri la Tumbine. Sanawalole kutsanzika.

Ife tinazemba patapita masiku atatu n'kuwolokera ku Malawi, a Nambewe ali nafe. Za kumeneko sindilemba, si nkhani yawo. Ndingonena kuti a Nambewe tsiku lililonse ankapita kumalire kukafunsa ofika kumene ngati anaona mdala wamfupi wa phewa lotsika. Asilikali a boma atalandanso tauni tinabwerera, chifukwa kutsidya kunalibe munda. Tinapeza nyumba zopanda zitseko. Patapita miyezi ina ndi pamene a Mesitiri anatulukira, mmene ndafotokozera kale.

Za kutchire sanafotokozepo. Amayi anga atawafunsa, iwo anangoti kumeneko munthu umayenda mwezi wathunthu osaona chilembo ngakhale chimodzi. Ankatsokomola kwambiri. Lamlungu ankakhala pakhonde manja ali m'khwapa, ndipo a Nambewe ankadutsa ndi lichero mwakachetechete, ngati akubisa.

A Domingo nawonso anabwerera. Sindikufuna kuwalemba ngati munthu woipa. Anali atawonda, mwana wawo wamkulu anasowa, ndipo akuluakulu awo ankafuna mayina a anthu amene anagwira ntchito ndi adani. Anabwera m'mawa wina n'kukhala pachitsa, chipewa chili pabondo.

"Mesitiri, anthu anakuonani mukupala chizindikiro cha dziko ndi khasu. Ena akuti munalonjezanso kudzajambula cha adani."

"Nanga inu munali kuti, a Domingo, kuti muzimva kwa anthu?" anatero a Nambewe ali pakhomo la khitchini. "Njinga ija ili bwino?"

"Mayi, ine sindinabwere kudzakangana. Ndabwera kudzathandiza."

Thandizo lake linali lakuti a Mesitiri ajambulenso chizindikirocho pakhoma lomwelo, kuti aliyense aone mbali imene ali. Akakana, dzina lawo lipita pamndandanda wa okafunsidwa ku Mokuba. Tonse tinkadziwa kuti opita kumeneko amachedwa kubwerako, ndipo munthu wa chifuwa chotero sakadafika n'komwe. Koma tinkadziwanso kuti a m'tchire sanapite kutali. Mfuti zawo tinkazimva kuminda ya tiyi. Akadzalowanso n'kupeza chizindikiro chatsopano, sadzafunsanso za nkhuku.

"Ndiye ndi zomwe zija," anatero a Mesitiri. Sanakwiye. Anangopukuta kumaso ndi dzanja lamanzere.

Khobidi loti aonerepo analibe. Ngakhale kumsika makobidi anali atasowa, anthu ankangosinthana chinangwa ndi mchere. Madzulo ena, dzuwa lisanalowe, anabwera pampanda wathu.

"A Chete, kope lija linapulumuka?"

Aka kanali koyamba kunditchula choncho chibwerere. Kopelo ndinathawa nalo m'chitenje. Ndinawapatsa, ndipo anakhala pansi n'kutsegula masamba akumbuyo. Anayenda ndi chala pa kabwalo kalikonse, chala chikunjenjemera. Atafika pa thadzi lija anaseka pang'ono mpaka chifuwa chinawagwira.

"Kani nkhuku yanga inathawira kwa inu."

Ndinang'amba tsamba limene panali chizindikiro cha metikali n'kuwapatsa. Ndinafuna kunena kuti atenge kope lonse, koma iwo anali atadzuka kale.

Makolo anali atamatanso khoma ndi kulipaka njereza, chifukwa sukulu inali itatsegulidwa. Ine m'kalasi ndimakhala pafupi ndi zenera, ndiye ndinaona koyamba mmene a Mesitiri ankagwirira ntchito yawo. Pakapepala kanga kaja anajambula timizere topingasa ndi totsika, mpaka kabwalo kanagawika m'timabokosi. Kenako anafuna kuchita chimodzimodzi pakhoma, mabokosi aakulu, kuti chimene chili m'kabokosi kakang'ono achikulitse m'bokosi lake. Ankapaka chingwe ndi makala osinja. Iwo ankagwira mbali ina, a Nambewe mbali ina, n'kuchikoka mpaka chitauma. Ndiye ankachitsina pakati n'kuchisiya kuti chimenye khoma, ndipo pankatsala mzere wakuda wowongoka. Pa mizere yakumwamba amene ankakwera makwerero anali a Nambewe, chitenje atachimanga ngati opita kudimba, akudandaula njira yonse.

"Ndinakwatiwa ndi mmisiri kuti ndidzakwere makwerero ndili ndi imvi?"

"Kokani, Nambewe. Chingwe chokha ndicho chatsala chosanjenjemera pabanja pano."

Zinawatengera masiku ambiri, chifukwa ankapuma pafupipafupi. Mabokosi atakwana, tsiku lotenga burashi linafika. Ndinawaona akuiviika m'chitini, akuikweza ku bokosi lina lapakati. Burashi inavina m'mwamba osakhudza khoma. Penti anadonthera pamapazi. Anayesa kachiwiri, kachitatu. Kenako anaima nthawi yaitali akuyang'ana dzanja lawo ngati ndi la munthu wina.

Ndiye anakhala pansi m'fumbi, pakona paja. Anagwira mkono wakumanja ndi dzanja lamanzere, anautsamiritsa pabondo, n'kuyamba kulemba. Chilembo chilichonse chinkawatengera nthawi yoti munthu n'kukatunga madzi. Aphunzitsi athu anasiya kuphunzitsa, nawonso anaima pazenera.

"Mwapenga kodi?" anatero a Nambewe. "Chithunzi palibe, mwayamba ndi dzina?"

"Akabwera awa, akabwera awo, amawerenga pano. Asamavutike kufunsa ana."

"Ndiye akawerenga?"

"Ayang'ane pamwamba, andiuze chimene ndalakwa."

A Domingo anafika masana. Anayang'ana mabokosi opanda kanthu, anayang'ana dzina.

"Chizindikiro chili kuti, Mesitiri?"

"Chikubwera, kamalada. Malo ake ndakonza, mwaona nokha kuwongoka kwake."

A Domingo anayang'ana dzanja lija lili m'khwapa. Anavula chipewa, anakanda m'mutu, anachivalanso. Kenako ananena, osayang'ana munthu, kuti akauza akuluakulu kuti ntchito yayambika ndipo mmisiri sangachoke pamalo ntchito isanathe.

Kuyambira tsiku limenelo a Mesitiri ankabwera m'mawa uliwonse ndi chitini ndi burashi. Ankakhala pamwala patsinde pa khoma, kutakasa penti, kuyang'ana kapepala, kuyang'ana mabokosi. Wina akadutsa ankati akudikira kuti njereza iume bwino, kapena kuti penti wofiira sanafike kuchokera ku Kelimane. A Domingo ankadutsa panjinga n'kufunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji, iwo n'kuyankha kuti ikuyenda, ndipo onse awiri ankagwedeza mitu. Sindikudziwa ngati a Mesitiri ankayembekezadi kuti dzanja lidzakhazikika tsiku lina. Nthawi zina ndinkawaona akujambula m'mwamba ndi chala, maso atatsinzina, ndiye mwina ankayembekeza.

Nyengo yozizira itafika anasiya kubwera. Anamwalira m'nyumba mwawo, pamphasa yawo, masana, a Nambewe akuwapatsa phala. Sanatengedwe ndi awa, sanatengedwenso ndi awo. A Nambewe amati masiku ano imfa yotero ndi ya anthu amwayi, ndipo amanena zimenezi popanda kumwetulira. Pamaliro a Domingo ananyamula nawo bokosi kuchokera pakhomo mpaka kumanda osalola wina kuwalandira.

Khoma lili mmene analisiyira. Palibe wina m'tauni muno wodziwa kujambula, ndipo akadapezeka sindikhulupirira kuti akadavomera. Palibenso amene walimba mtima kulipaka njereza, chifukwa wopakayo adzafunsidwa kuti akufufuta chiyani. Mvula ya chaka chino yatsuka mizere yapansi, yatsala ngati utsi, koma yakumwamba ikuonekabe bwino chifukwa denga limaitchinga. Ana a kalasi yoyamba amaima m'munsi n'kumakangana kuti mudzakhala chiyani m'mabokosimo. Wina amati ndege, wina amati nsomba. Mavu amanga chisa m'bokosi lina lapakona. Mwala uja ulipo, uli ndi bwalo lakuda pamene pankakhala chitini, ndipo nthawi yopuma palibe amakhalapo ngakhale pali mthunzi. M'mbali mwake, pafupi ndi nthaka, pali zilembo zokhotakhota, chomaliza chotsikira pansi kuposa zinzake. Udzu wayamba kuzifika.